Ndalama zotukulira zigawo ku Ulaya zikapatutsidwa pa nthawi ya mavuto: mafunso ndi mayankho

Kuyambira mu 2020, vuto lalikulu likangogwa ku Ulaya, atsogoleri a bungwe la European Union (EU) amathamangira ku nkhokwe imodzi yomweyomweyo, ya ndalama zotukulira zigawo zotsalira. Mliri wa Covid-19 unatapa m'menemo, nkhondo ya ku Ukraine inatapanso, kenako kukwera mtengo kwa gasi ndi magetsi, kenako madzi osefukira. Ulendo uliwonse anthu amauzidwa kuti ndalama zikutengedwazo ndi zimene zinangokhala osagwira ntchito. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu amakhala nawo akamva mawu amenewo.

Kodi ndalama zake ndi ziti, ndipo zinaikidwa kuti zigwire ntchito yanji?

EU ili ndi mayiko 27 ndipo kulemera kwawo n'kosiyana kwambiri. Ngakhale m'dziko limodzi chigawo china chimathamanga china chikukwawa. Lombardy ndi Calabria zonse zili mu Italy, koma ntchito, malipiro ndi misewu yake sizifanana m'pang'ono pomwe. Pofuna kuchepetsa kusiyana kumeneku, bungweli limapatula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a bajeti yake yonse.

Matumba akuluakulu alipo atatu. Lakale kwambiri ndi European Social Fund, lomwe linabadwa ndi pangano la ku Rome la 1957, ndipo limalipirira maphunziro a luso ndi kuthandiza anthu kupeza ntchito. European Regional Development Fund linabwera mu 1975 kudzathandiza pa misewu, kafukufuku, intaneti ndi mabizinesi ang'onoang'ono. Cohesion Fund, la 1994, ndi la ntchito zikuluzikulu za mayendedwe ndi zachilengedwe m'mayiko osalemera kwenikweni.

Bajeti ya EU imakonzedwa ya zaka 7 nthawi imodzi. Ya 2014 mpaka 2020 inaika pafupifupi mayuro 350 biliyoni ku ntchito imeneyi. Chigawo chimene chuma chake pa munthu aliyense sichifika 75 peresenti ya avereji ya EU chimawerengedwa kuti n'chotsalira, ndipo zigawo zoterezi ndizo zimalandira gawo lalikulu. Dziko la Poland ndilo linalandira zambiri kuposa lina lililonse, mayuro opitirira 70 biliyoni.

Akati ndalama sizinagwiritsidwe ntchito, kodi zimakhala zili phee mu akaunti ku Brussels, likulu la EU?

Ayi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasochera. Zambiri mwa ndalama zimenezi ndi lonjezo lolembedwa pa pepala. EU siyamba n'kupereka ndalama kuti anthu akamange. Amayamba amanga, n'kudzabwezeredwa pambuyo.

Tiyerekeze kuti khonsolo ya tauni ina kum'mawa kwa Poland ikufuna kumanga malo oyeretsera madzi a suweji. Imalemba pempho ku ofesi yoyang'anira pulogalamu ya chigawo chake. Pempho likadutsa amasainirana mgwirizano, khonsolo imaitanitsa makontilakitala, wopambana tenda amayamba kukumba. Akamaliza gawo loyamba amabweretsa invoisi, khonsolo imamulipira, kenako imatenga invoisiyo, umboni wa ku banki ndi mapepala onse a tenda n'kupita nazo ku ofesi ija. Kumeneko kuli munthu amene ntchito yake ndi kufananitsa tsamba ndi tsamba, ndipo tsiku lina amavala jombo kupita kukaona yekha ngati mapaipi alidi pansi, komanso ngati chikwangwani cha mbendera yabuluu ya nyenyezi 12 chakhomedwa pa geti. Zonse zikakhala bwino, boma limatumiza pempho ku European Commission, nthambi yoyendetsa ntchito ndi bajeti ya EU, ndipo apa ndi pamene ndalama zimatuluka ku Brussels. Pa nthawi yonseyi makoma akukwera, anthu akulipidwa, koma m'mabuku a ku Brussels ndalama za ntchitoyo zikuonekabe ngati zosagwiritsidwa ntchito.

Ndiye mawu amodziwa amabisa zinthu zitatu. Pali ndalama zochepa za adivansi zimene zinafikadi m'mabanki a mayiko koma sizinakhudzidwe. Pali ndalama zimene zinalembedwa kuti zipita ku njanji kapena ku kafukufuku koma ntchito yake yeniyeni sinasankhidwe. Ndiye pali zimene mgwirizano wake unasainidwa kale, zangotsala kulipiridwa. Zamtundu wachitatuzi zili ndi mwini wake, sizisunthika. Zimene zimapatutsidwa ndi ziwiri zoyambazo, ndipo mwa ziwirizo ndi adivansi yokha imene nduna ya zachuma ingaigwire m'manja tsiku lomwelo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Nanga n'chifukwa chiyani zimachedwa chonchi?

Mapulogalamu amavomerezedwa mochedwa, kawirikawiri chaka chimodzi kapena ziwiri nyengo ya zaka 7 ija itayamba kale, pamene ogwira ntchito omwewo akadali otanganidwa kutseka mabuku a nyengo yapitayo. Tenda ikhoza kukokedwera ku khoti. Boma kapena khonsolo iyenera kupeza gawo lake loikapo. Ndipo zigawo zosauka, zimene zimalandira zambiri, ndi zomwezonso zimasowa mainjiniya ndi akadaulo olemba mapempho.

Lamulo limapereka mpata wa zaka zitatu: ndalama zolonjezedwa m'chaka china ziyenera kufunsidwa zaka zitatu zotsatira zisanathe, kupanda kutero dzikolo laluza. N'chifukwa chake nyengo ya 2014 mpaka 2020 inatha kwenikweni pa 31 Disembala 2023, ndipo n'chifukwa chakenso mliri utafika munali mudakali zotapa.

Kodi chinachitika n'chiyani mu Malichi 2020?

Pa 11 Malichi bungwe la World Health Organization linalengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse. Patangopita masiku awiri, Commission, motsogozedwa ndi Ursula von der Leyen, inatulutsa ndondomeko yotchedwa Coronavirus Response Investment Initiative, ya mayuro 37 biliyoni. Aphungu a European Parliament anavota pa 26 Malichi ambiri ali kunyumba kwawo, ndipo lamulo linayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo. Ku bungwe limene lamulo limodzi limatha kudya chaka ndi theka likukambidwa, masabata osakwana atatu ndi liwiro lodabwitsa.

Nambala ya 37 ija inapezeka motere. Mayiko anali ndi adivansi ya 2019 ya pafupifupi mayuro 8 biliyoni imene sanaigwiritse ntchito, ndipo mwa lamulo anayenera kuibweza. Anauzidwa kuti asabweze. Akaigwiritsa ntchito ngati gawo lawo loikapo, inkatsegula njira ya mayuro ena 29 biliyoni ochokera ku bajeti ya EU. Anawalolanso kubwezeredwa zimene anali atagula kale kuyambira pa 1 Febuluwale 2020.

Ndiye zinali ndalama zatsopano?

Ayi. Mayuro 37 biliyoni onsewo anali a mayiko omwewo kale, anangosintha njira ndi nthawi yotulukira. Dziko limene linali litafulumira kusainirana migwirizano ya ntchito zake linapeza zochepa zoti lisunthe, pamene lochedwa linapeza zambiri. Zimamveka ngati mphotho ya ulesi, ndipo pang'ono zinalidi choncho, ngakhale kuchedwa kwina si ulesi.

Ndalama zatsopano zinabwera kumapeto kwa 2020 kudzera mu REACT-EU, pafupifupi mayuro 50 biliyoni, zochokera ku ngongole imene EU inatenga m'dzina la mayiko onse pansi pa ndondomeko yodzutsa chuma ya NextGenerationEU. Izi zinagawidwa poyang'ana kwambiri mmene chuma cha dziko chagwera ndi mmene ulova wakwerera, motero Spain ndi Italy ndi amene analandira zambiri.

Ndi malamulo ati amene anafewetsedwa?

Gawo lachiwiri la ndondomekoyi, lomwe linadutsa kumapeto kwa Epulo 2020, ndilo linagumula mipanda. Mayiko analoledwa kusamutsa ndalama kuchoka ku thumba lina kupita ku linzake, komanso kuchoka ku mtundu wina wa zigawo kupita ku wina. Lamulo lokakamiza kuti gawo lakutilakuti lipite ku kafukufuku kapena ku ntchito zochepetsa utsi wowononga nyengo linayamba laikidwa pambali.

Chachikulu chinali chakuti kuyambira pa 1 Julayi 2020 mpaka pa 30 Juni 2021, EU inkatha kulipira mtengo wonse wa ntchito, boma osaikapo kanthu. Mwa lamulo la nthawi zonse la nyengo ya 2014 mpaka 2020, m'zigawo zotsalira EU inkalipira mpaka 85 peresenti, m'zigawo zolemera theka. Kwa nduna ya zachuma imene misonkho yauma, uwu unali mpumulo weniweni. Koma tawerengerani. Ngati chigawo chalonjezedwa mayuro 850 ndipo boma likuyenera kuikapo 150, ntchito yogwirika ndi ya mayuro 1,000. EU ikalipira zonse, lonjezo lake silikula, likadali 850 lomwelo, ndiye ntchito yonse yatsika kufika pa 850. Mayuro 150 aja boma lawasunga n'kuwapititsa kwina, mwina ku chigawo chomwecho, mwina ayi.

Zinagula chiyani?

Mamasiki, magolovesi, makina othandiza odwala kupuma, zipangizo zoyezera matenda, mabedi ndi malipiro a ogwira ntchito owonjezera m'zipatala. Mabizinesi ang'onoang'ono analandira ndalama zolipirira lendi ndi antchito, zimene kale matumbawa sankalola kawirikawiri chifukwa ankafuna kuti ndalama zigule makina kapena zimange chinthu chokhalitsa. Zina zinathandiza kulipira antchito amene maola awo anadulidwa kuti asachotsedwe ntchito, zina zinagula makompyuta a ana ophunzirira kunyumba. Thumba lothandiza osaukitsitsa linaloledwa kupereka makuponi a chakudya kuti anthu asaunjikane pa mizere.

Kodi n'chilungamo kuti ndalama za chigawo chosauka zipite ku chigawo cholemera?

Funso limeneli ndi limene limawawa. Kachilombo sikanayambe ndi osauka. Ku Italy kanakantha Lombardy, chimodzi mwa zigawo zolemera kwambiri, ndipo anthu amakumbukirabe magalimoto a asilikali akutuluka usiku mu mzinda wa Bergamo atanyamula mabokosi a maliro, poti malo otenthera mitembo mumzindamo anali atalephera. Ku Spain, Madrid inali pakati pa malo amene anavutika koyamba. Munthu woona zimenezo sakanaima n'kunena kuti makina opumira asagulidwe chifukwa ndalamayi inalembedwa dzina la chigawo chotsalira cha Sicily. Kwa ine, kusuntha ndalama m'miyezi imeneyo kunali koyenera.

Chovuta n'chakuti mtengo wake suoneka. Makina opumira amajambulidwa, nduna imaima pambali pake. Koma njanji imene sinakonzedwe, kapena labotale ya yunivesite ya m'chigawo chakumudzi imene sinamangidwe, palibe amene amaijambula. Palibe amene amachita zionetsero chifukwa cha ntchito imene inali isanayambe n'komwe. Mnyamata amene adzachoke kwawo zaka zisanu zikubwerazo kukasaka ntchito ku Milan kapena ku Munich sadzadziwa kuti tsamba lina la pulogalamu linasinthidwa mu 2020. Njala ikafika povuta munthu amadya ndi mbewu yomwe, ndipo palibe womudzudzula chaka chimenecho. Akadya mbewu chaka chachiwiri, chachitatu, chachinayi, ndiye kuti vuto silinso njala yokha.

Bungwe lofufuza kayendetsedwe ka ndalama za EU, European Court of Auditors, la ku Luxembourg, linanena zofanana ndi zimenezi mu lipoti lake la kumayambiriro kwa 2023. Linavomereza kuti Commission inachita changu, koma linachenjeza kuti kugwiritsa ntchito ndalamazi mobwerezabwereza pozimitsa moto kukhoza kusokoneza cholinga chake chenicheni, chochepetsa kusiyana kwa zigawo.

Amene amagamula kuti ndalama zisunthe ndani?

Pali makwerero awiri. Ku Brussels, Commission imalemba ganizo losintha lamulo, ndipo aphungu a Parliament pamodzi ndi nduna za mayiko mu Council amavomereza. Pa nthawi ya mliri ndi ya othawa nkhondo, woyang'anira nkhanizi mu Commission anali Elisa Ferreira wa ku Portugal. Koma lamulolo limangotsegula chitseko, silikakamiza aliyense kulowa. Dziko lililonse limasankha lokha ngati lisunthe ndalama, zingati, kuchoka pati.

Pulogalamu iliyonse ili ndi komiti yoiyang'anira, mmene mumakhala nthumwi za makhonsolo, mabungwe a antchito, a mabizinesi ndi mabungwe omwe si a boma. Kusintha kwa pulogalamu kumayenera kudutsa m'komiti imeneyi. Pa nthawi ya changu zambiri zinkachitika pa imelo, masiku oyankha ali ochepa, ndipo mameya ndi atsogoleri a zigawo akhala akudandaula kuti vuto likagwa mphamvu zimakwera kupita ku likulu la dziko ndipo sizifulumira kutsikanso.

Mliri utatha, malamulo anabwerera mwakale?

Sanapeze mpata. Pa 24 Febuluwale 2022 Russia inalowa mu Ukraine, ndipo anthu mamiliyoni anawoloka malire kulowa mu Poland, Slovakia, Hungary ndi Romania. Pasanathe masabata awiri Commission inatulutsa ndondomeko ya CARE, yolola kuti ndalama zotsala za 2014 mpaka 2020 zilipirire malo ogona, chakudya, sukulu za ana ndi chithandizo cha kuchipatala cha othawa nkhondo, kuwerengera kuyambira tsiku limene nkhondo inayamba. Mwayi woti EU ilipire zonse unawonjezeredwa chaka china. Pofuna kuchepetsa mapepala, anaika mtengo umodzi pa munthu aliyense, mayuro 40 pa sabata, umene pambuyo pake unakwezedwa kufika pa 100. Khonsolo sinafunikirenso kusunga lisiti la bulangete lililonse, inangofunika kusonyeza kuti anthuwo analipodi.

Kumapeto kwa chaka chomwecho mitengo ya gasi ndi magetsi inakwera moopsa, ndipo kunabwera SAFE, yolola mayiko kutenga mpaka 10 peresenti ya gawo lawo kuthandiza mabanja osauka ndi mabizinesi ang'onoang'ono kulipira mabilu.

Mu Seputembala 2024 mvula ya mkuntho wotchedwa Boris inamiza madera a ku Poland, Czech Republic, Austria ndi Romania. Von der Leyen anapita ku mzinda wa Wrocław ku Poland n'kulengeza mayuro 10 biliyoni, ochokeranso ku matumba omwewa. Mwezi wotsatira madzi anapha anthu opitirira 200 ku Valencia, m'dziko la Spain. Lamulo la RESTORE, lolola kuti ndalamazi zithandize kumanganso zimene ngozi zoterezi zawononga, linadutsa mu Disembala. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno sanatapenso zotsala za nyengo yakale. Anatapa za 2021 mpaka 2027, zimene ntchito zake zambiri zinali zitangoyamba kumene. Mu Epulo 2025 Commission inapemphanso kuti mayiko aloledwe kusunthira ndalamazi ku zinthu monga chitetezo, nyumba zotsika mtengo ndi madzi.

Kodi EU ilibe thumba lapadera la ngozi zogwa mwadzidzidzi?

Ili nalo, koma ndi laling'ono. European Union Solidarity Fund linakhazikitsidwa mu 2002 madzi atasefukira pakati pa Ulaya, ndipo mu 2020 linaloledwa kuthandizanso pa miliri. M'nyengo ya 2014 mpaka 2020 linkapatsidwa pafupifupi mayuro 500 miliyoni pachaka. Chivomezi chimodzi chachikulu, monga zimene zinagwedeza pakati pa Italy mu 2016, chimaposa ndalama imeneyo kutalitali. Ndalama zake zimafikanso patapita miyezi yambiri, motero zimathandiza pomanganso, osati sabata yoyamba ya chipwirikiti.

Chifukwa chenicheni chimene atsogoleri amathamangira ku ndalama zachitukuko ndi cha mavoti. Kukulitsa bajeti ya zaka 7 kumafuna kuti mayiko onse 27 avomereze, ndipo limodzi lokha likakana zonse zaima. Mayiko amene amapereka zambiri kuposa zimene amalandira, monga Netherlands, Sweden, Denmark ndi Austria, sakonda kumva za kuwonjezera. Koma kusintha malamulo a ndalama zimene zilipo kale sikufuna onse, kumangofuna mavoti ochuluka mokwanira. Palibe amene akupemphedwa kupisa m'thumba, ndiye palibe wokana mwamphamvu.

Malamulo akafewa, katangale salowa?

Mpata umakula. Kugula zinthu mwachangu popanda mpikisano wa tenda, pa nthawi imene dziko lonse likulimbirana mamasiki omwewo, ndi malo okoma kwa wokweza mitengo ndi wogulitsa katundu wachabechabe. Koma chimene chinafewetsedwa ndi kumene ndalama zingapite, osati udindo wosonyeza mmene zayendera. Ofufuza a m'dziko, a Commission ndi a Court of Auditors akhoza kubwera patapita zaka, ndipo ndalama yosowa umboni imabwezedwa. Ofesi yolimbana ndi chinyengo ya OLAF imafufuza, ndipo kuyambira pa 1 Juni 2021 kuli European Public Prosecutor's Office, imene ili ndi mphamvu yotengera anthu ku khoti m'mayiko amene analowa nawo.

Ngati bungwe linasaina kale mgwirizano wa ntchito, lingalandidwe ndalama zake?

Osati chifukwa cha kusuntha kumeneku. Mgwirizano wosainidwa umaima. Amene amaluza ndi amene ankadikira mpikisano wa mapempho umene sunalengezedwenso, kapena amene anali pa mndandanda wodikira. Ntchito zimene zinachedwa chifukwa cha mliri zinkatha kupatsidwa nthawi yowonjezera, koma khoma la 31 Disembala 2023 silinasunthe. Ntchito zina zikuluzikulu zinaduliridwa pakati, gawo lotsala n'kulowa mu nyengo ya 2021 mpaka 2027, kumene likudyanso malo a ntchito zatsopano.

Munthu wamba angaone bwanji kumene ndalama zapita?

Ofesi iliyonse yoyang'anira pulogalamu imakakamizidwa kufalitsa pa intaneti mndandanda wa ntchito zonse zimene yalipirira, wokhala ndi dzina la bungwe lolandira, mtengo ndi masiku. Commission ili ndi tsamba la Cohesion Open Data, losonyeza zimene zinakonzedwa, zimene zasankhidwa ndi zimene zalipiridwa m'dziko lililonse, ndipo kuyambira mu 2022 kuli Kohesio, kumene mungasake ntchito za tauni imodzi pa mapu. Masamba amenewa amaonetsa zimene zinalipiridwa. Wofuna kudziwa zimene zinachotsedwa ayenera kupeza chikalata cha pulogalamu cha chaka cha 2019 ndi chimene chinasinthidwa pambuyo pake, n'kuyala matebulo a ndalama a zikalata ziwirizo pambali ndi pambali, mzere ndi mzere.